Pofunsira sikolashipu, lembani ngati mboni

Wophunzira wa ku Salima kapena ku Nkhotakota amene akufuna malo ku UNIMA, MUBAS, LUANAR, MZUNI, KUHeS kapena MUST salemba chimangirizo chofotokoza za moyo wake. Amadzaza fomu ya bungwe la NCHE, nasankha maphunziro amene akufuna, ndipo mapointi ake a MSCE ndiwo amamulankhulira. N'chifukwa chake masukulu athu ambiri a sekondale saphunzitsa kalembedwe kameneka. Koma mwana yemweyo akangoyang'ana kunja, kaya ku African Leadership Academy ya ku Johannesburg, ku Ashesi ya ku Ghana, ku masukulu a United World Colleges (UWC) monga Waterford Kamhlaba ya ku Eswatini, kaya sikolashipu za Mastercard Foundation ndi Ashinaga, amakumana ndi funso limene a MANEB sanamufunsepo: tiuzeni za inu. Ana a mapointi abwino amapunthwa pamenepa. Galamala imakhala bwino ndithu. Chimene chimawagwetsa ndi liwu limene alankhulira papepalapo.

Ine ndikuti liwu loyenera ndi la mboni pabwalo la mfumu. Mboni yabwino imalankhula mwaulemu, koma siigwada kupempha kuti aikhulupirire, ndiponso siyamba n'kudzichemerera kuti ndi munthu woona. Imanena chimene chinachitika, malo ake, nthawi yake, ndi chimene iyo inachita. Akuluakulu amaweruza okha.

Ambiri mwa ana athu amalemba mopempha, ndipo sindikuwadzudzula, chifukwa anaphunzitsidwa choncho kawiri konse. Kunyumba anamva kuti mwana sadzitchula pamaso pa akulu, amayamba ndi pepani, amapereka madzi atagwada. Kusukulu anaphunzira kalata yopita kwa bwana, ija yoyamba ndi "I humbly beg" n'kutha ndi lonjezo la kumvera. Tsono akauzidwa kuti alembere anthu amene ali ndi ndalama zomulipirira sukulu zaka zinayi, dzanja limathamangira ku kalata yomweyo. Ndime yoyamba umphawi, yachiwiri umasiye, yachitatu njala, yomaliza chonde mundiganizire.

Ulemu umenewu ndi wabwino pakhomo, ndipo sindikuti tiutaye. Vuto lake ndi loti suyankha chimene wowerenga akufuna kudziwa. Munthu wa mu komiti yosankha ali ndi mulu wa zimangirizo, ndipo pa chilichonse akudzifunsa ngati wolembayo adzathe maphunzirowo mpaka kumapeto, ngati ali ndi chimene adzabweretse m'kalasi ndi ku hositelo, komanso ngati akunena zoona. Kupempha sikukhudza ngakhale limodzi mwa mafunso amenewa. Palinso china chimene ana ambiri sachiona. Sikolashipu za ovutika zimalandira makalata a ovutika okhaokha. Ya Ashinaga, mwachitsanzo, ndi ya amene anataya kholo limodzi kapena onse awiri. Umasiye kumeneko ndi chiphaso cholowera pakhomo, aliyense ali nacho. Mwana amene wathera mawu ake onse pofotokoza kuti ndi wamasiye wauza komiti chimene inadziwa kale pa tsamba loyamba la fomu.

Aphunzitsi ena amatsutsa. Amati a komiti nawonso ndi anthu, ali ndi mtima, walembere mpaka agwetse misozi. Mbali ina akunena zoona, ndipo ndiivomereza ndi mtima wonse: mavuto sayenera kubisidwa. Mbewa ya manyazi idafera kuuna. Mwana amene anakhala pakhomo chaka chathunthu, kapena amene anapeza 5 mu Chemistry pa CDSS yopanda labu, akabisa chifukwa chake, wowerenga wa ku Accra kapena ku London adzangoona mpata ndi giredi yofooka, n'kudzipezera yekha tanthauzo. Sadziwa kusiyana kwa CDSS ndi sekondale ya boma yogonera konko pokhapokha mutamuuza. Pamene ndikusiyana ndi aphunzitsi amenewa ndi pa kanenedwe ndi pa kuchuluka kwake.

Tiyerekeze mtsikana wa ku Senga Bay. Angalembe kuti: "Ndine mwana wamasiye wochokera m'banja losaukitsitsa, ndavutika moyo wanga wonse, ndipo popanda thandizo lanu tsogolo langa latha." Angalembenso kuti: "Bambo atamwalira ndili Fomu 2, ndinakhala pakhomo matemu awiri chifukwa cha fizi. Ndinkapita kudoko m'bandakucha kukachingamira mabwato, n'kumayanika usipa pathandala la amalume, ndipo ndalama zake ndinalipirira temu yachitatu." Zonse ziwiri zikunena za mavuto omwewo. Yoyamba ikuuza wowerenga mmene ayenera kumvera mumtima, ndipo anthu sakonda kuuzidwa zimenezo. Yachiwiri yamupatsa kalasi, matemu, doko, thandala ndi mwini wake, ndipo chisoni chikabwera chibwera chokha. Yachiwiriyi ikuthanso kutsimikizidwa ndi kalata ya ahedi, pamene yoyamba aliyense angathe kuilemba.

Pa kuchuluka, malire amene ndimawaona oyenera ndi awa: mavuto asapitirire gawo limodzi mwa magawo anayi a chimangirizo. Pa mawu 650 ndiye kuti mawu pafupifupi 150. Otsalawo apite ku zimene munachita ndi zimene munaganiza. Mafomu ambiri ali ndi malo ake a nkhani ya ndalama za pakhomo ndi a zovuta zimene zinasokoneza sukulu. Zimenezo zilembeni kumeneko mosabisa, ndi manambala ake, kuti chimangirizo chipume.

Mtsikana wa thandala uja, nkhani yake yeniyeni ili patsogolo pa fizi. Aliyense wa kunyanja amadziwa zimene zimachitika nthawi ya dzinja. Usipa wagulidwa mamawa, wayalidwa, ndiye mitambo yatseka tsiku lonse. Pofika madzulo wafewa, wayamba kununkha, ntchentche zadzaza, ndipo ndowa imene ikanapita ku Lilongwe igulitsidwa motaya kapena kusanduka chakudya cha nkhuku. Ngati mtsikanayo anatenga kope n'kumalemba ndowa zimene agula, zimene zawonongeka, ndi mmene kunja kunachera tsikulo, ngati anayerekeza usipa wofutsa ndi wongoyanika n'kuuza amalume kuti tsiku la mitambo ndi bwino kuwononga nkhuni ndi mchere kusiyana n'kutaya nsomba, ndiye kuti ali ndi chimangirizo chathunthu m'manja. Safunikanso kulemba kuti ndi wakhama kapena woganiza mwakuya. Kope lija lanena kale. Ndipo ngati amalume anakana, alembe kuti anakana, ndi chifukwa chimene anapereka. Mwina nkhuni zinali zodula kuposa mmene iye anawerengera. Wowerenga amakhulupirira kwambiri mwana amene akutha kunena pamene maganizo ake anaperewera.

Liwu lachiwiri lolakwika limabadwa ndi uphungu wosakwanira. Mwana akamva kuti akunja amafuna atsogoleri odzidalira, amataya kalata yopempha ija n'kutenga ya wandale pamsonkhano. Ndinabadwa mtsogoleri. Ndidzathetsa umphawi mu Africa. Ndimakonda kwambiri kusintha miyoyo ya anthu. Kenako mndandanda wa maudindo: hedi boyi, tcheyamani wa kalabu ya zachilengedwe, mlembi wa kwaya. Ena amafika poyambitsa bungwe la achinyamata kutatsala miyezi iwiri kuti mafomu atsekedwe, lokhala ndi dzina lalitali ndi tsamba la pa Facebook, koma lopanda chimene lachita. Owerenga amaziona zimenezi chaka ndi chaka ndipo amazizindikira msanga.

Mankhwala ake ndi osavuta kunena, ovuta kuchita. Paliponse pamene mwadzitchula kuti ndinu wotani, fufutani, muikepo chimene munachita. Udindo usaime wokha: ngati munali tcheyamani wa kalabu, nenani mbande zimene munafesa, zimene zinauma, chimene chinaziumitsa, ndi chimene munasintha chaka chotsatira. Lonjezo la mtsogolo likhale lalikulu molingana ndi umboni umene mwapereka. Amene walemba za kope la usipa angathe kunena kuti akufuna kuphunzira za kasungidwe ka zakudya kuti nsomba zisamawolere pathandala, ndipo palibe angamukayikire. Akangolumpha n'kunena kuti adzadyetsa Africa yense, ngakhale kope lija liyamba kukayikitsa.

Ana ambiri amadziwa mbiri ya William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu, amene anaphunzira ku African Leadership Academy n'kukamaliza ku Dartmouth mu 2014. Koma pomutsanzira amatengako njala ndi kusowa fizi, n'kusiya makina a mphepo amene anapanga ndi dainamo ya njinga ndi zitsulo zotola. Njala ija anaiona ana ambirimbiri a msinkhu wake. Chimene chinamutsegulira khomo ndi chimene anapanga ndi manja ake. Sikuti aliyense apange makina. Ntchito yaing'ono yochitidwa mpaka kumapeto, yofotokozedwa bwinobwino, ndi yokwanira.

Pali mawu awiri amene amavutitsa ana athu kwambiri: ine ndi ife. Kwathu kuno kunena kuti "ndinachita" pa ntchito imene munagwira ndi anzanu kumamveka kudzikonda, choncho mwana amalemba "tinachita" kuyambira pamwamba mpaka pansi. Koma komiti siikutenga kalabu yonse, ikutenga munthu mmodzi, ndipo ikalephera kumupeza m'gulumo imapita kwa wina. Njira yake ndi iyi: chiganizo chimodzi chinene chimene gulu linachita, zotsatirazo zinene gawo lanu. "Tinakonza mjigo wa pasukulu. Ine ndinalemba mayina a makolo, n'kuyenda nyumba ndi nyumba Loweruka kutolera zopereka, ndipo ndinkawerenga ndalamazo pamaso pa komiti ya sukulu." Kudzichepetsa kuli ndi malo ake m'chimangirizo, ndipo malo ake ndi potchula amene anakuphunzitsani kanthu: mmisiri amene anakuonetsani pamene mpira wa mjigo unathera, agogo amene anakuphunzitsani kusankha mbewu ya mpunga. Munthu wotchula aphunzitsi ake amamveka waulemu popanda kugwada.

Liwu limasinthanso malinga ndi kumene chimangirizo chikupita, ndipo kutumiza chimodzimodzi konsekonse ndi ulesi wodula. Fomu ya Common App, imene makoleji ambiri a ku America amagwiritsa ntchito, imalola mawu 250 mpaka 650, ndipo imayembekezera nkhani ya munthu mwini, yokambidwa momasuka. Ya UCAS, yofunsira malo m'mayunivesite a ku Britain, imawerenga zilembo, 4,000 kuphatikizapo mipata, ndipo kuyambira kwa olowa mu 2026 yagawidwa m'mafunso atatu: chifukwa chimene mukufunira phunzirolo, mmene maphunziro anu akukonzekeretserani, ndi zimene mwachita kunja kwa kalasi. Kumeneko nkhani ya ubwana wanu ichepe, phunzirolo lichuluke. Popeza zolembazo zimapita ku malo onse amene mwasankha, mpaka asanu, musatchulemo dzina la yunivesite imodzi. Sikolashipu za Mastercard Foundation zimafunsa kwambiri za utsogoleri ndi zobwezera kwanu, ndipo m'pamene chiyeso cha malonjezo aakulu chimakula.

Pa funso la chifukwa chimene mukufunira phunziro, liwu labwino ndi la munthu amene ali ndi funso lomuvutitsa. Mnyamata wa ku Chikombe m'boma la Salima wofuna za usodzi asalembe kuti amakonda nyanja kuyambira ali mwana. Ali ndi chinthu champhamvu pafupi. Pa chilumba cha Mbenji, pansi pa mfumu Makanjira, usodzi umatsekedwa kuyambira mu Disembala mpaka mu Epulo, mowa suloledwa, ndipo mwambowu wakhalapo kuyambira m'zaka za m'ma 1950. Nanga n'chifukwa chiyani asodzi amamvera lamulo la pa Mbenji, pamene m'madoko ena nyengo yotseka ya boma imaphwanyidwa ndipo maukonde a udzudzu amalowa m'madzi? Mwana amene wafunsa zimenezi, n'kunena zimene anamva kwa alovi ndi zimene iye akuganiza, waonetsa kale kuti ndi wophunzira. Wa ku Dwangwa ali ndi nzimbe ndi madzi osefukira a mu 2024, wa ku Lifuwu ali ndi sikimu ya mpunga, wa m'mbali mwa nkhalango ya Nkhotakota ali ndi mpanda wa njovu ndi minda ya makolo ake. Zinthu zimenezi ana amaziona ngati zakumudzi zosayenera kulembedwa m'Chingerezi, chonsecho ndi zimene wina aliyense pa mulu uja alibe.

Zina ndingozidutsa. Musayambe ndi mawu a Mandela kapena mwambi, chifukwa mwataya mawu makumi atatu polankhula ndi pakamwa pa wina. Nthabwala siziyenda bwino ulendo wautali, zisiyeni. Za chipembedzo lembani ngati ndi kumene munachitira kanthu, kaya kuphunzitsa ana ku madrasa kaya kusunga thumba la kwaya, koma musalalikire, pakuti simukudziwa chikhulupiriro cha wowerenga. Ndipo musakwiye papepala. Ngati mphunzitsi wa Physics anachoka osabwera wina, nenani kuti sukulu inakhala miyezi yakutiyakuti yopanda mphunzitsi, ndi mmene munawerengera nokha. Mukayamba kudzudzula ahedi, boma kapena mayi wokupezani, wowerenga amasiya kuona vutolo n'kuyamba kudzifunsa mmene mudzakhalire ndi anzanu ku hositelo.

Nanga liwu la mboni limapezeka bwanji, poti mwana akangogwira cholembera limathawa? Musayambe n'kulemba. Khalani ndi mnzanu, tsegulani chojambulira mawu pafoni, mumufotokozere nkhaniyo kwa mphindi zisanu m'chilankhulo chimene mumaganizira, Chichewa, Chiyao kapena Chitonga. Ntchito ya mnzanuyo ndi kufunsa mafunso awiri okha: kenako chinachitika n'chiyani, ndipo unadziwa bwanji? Pokamba ndi mnzake palibe mwana amene amapempha kapena kudzitama, amangonena. Mverani zimene mwajambulazo, muzilembe m'Chingerezi chapafupi, osawerenga mawu. Zikafika 900 kapena 1,000 zili bwino, chifukwa kudula n'kosavuta kuposa kutalikitsa.

Mukatero tengani zolembera za mitundu itatu. Mtundu umodzi ulembe mzere pansi pa zimene zinakuchitikirani, wina pa zimene munachita, wachitatu pa zimene munaganiza kapena kusintha maganizo. Mukaliyang'ana pepalalo patali mudzaona nokha matenda ake. Mtundu woyamba ukachuluka, mukupempha. Wachiwiri ukakhala wokha, mwalemba mndandanda wa ntchito, wowerenga sanakumveni mukuganiza. Ziganizo zimene zatsala zopanda mzere uliwonse, kawirikawiri ndi zodzitamandira kapena zokometsera, ndipo ndi zoyamba kudulidwa. Siyani pepalalo masiku atatu, kenako muliwerenge mokweza. Pamene lilime lakodwa, kapena pamene mwachita manyazi kumva mawu anu, pali chofunika kukonza. Ntchito yonseyi ipatseni masabata asanu ndi limodzi. Chimangirizo cholembedwa usiku womaliza, magetsi atazima, bando ikutha, chimabwerera ku kalata yopempha ija chifukwa ndi imene ili pafupi m'mutu. Mukamaika pa fomu ndi foni, onaninso ngati ndime sizinaphatikizane ndiponso ngati mzere womaliza sunaduke.

Mawu akuluakulu a Chingerezi ndi msampha wina umene chimangirizo cha mayeso chinatizoloweza, poganiza kuti mawu osowa ndiwo amabweretsa malikisi. Muyeso wake ndi uwu: liwu limene simungalinene pakamwa pa intavyu, kapena kulimasulira mutafunsidwa, lichoke. Ndi muyeso womwewu umene ukundichititsa kukana zolemberedwa, kaya ndi mkulu wanu wa ku yunivesite, kaya munthu wolipidwa, kaya ChatGPT. Chimene chimatuluka chimakhala chosalala, koma mulibe thandala, mulibe amalume, ndipo chimafanana ndi mazana a zina zolembedwa mwanjira yomweyo. A UCAS amayerekeza zolemba zimene alandira ndi zina kuti agwire zokopera. Mabungwe ambiri a sikolashipu amachititsa intavyu, ndipo kumeneko mwana wolankhula mosiyana kwambiri ndi pepala lake amagwidwa pa funso lachiwiri. Chingerezi chosavuta, chokhala ndi mawu a mwini wake, chilibe choopa pa tsiku limenelo.

Aphunzitsi, makamaka a Chingerezi, apa ndikupempha inu. Mwana akakubweretserani chimangirizo chake, cholembera chofiira chigwire galamala ndi malo osamveka basi. Pamene simunamve, lembani funso m'mbali, mwana ayankhe yekha. Mukamukonzera ziganizo mpaka zimveke ngati zanu, mwamuchotsera chinthu chokhacho chimene anali nacho. Wowerenga wachiwiri akhale munthu womudziwa bwino mwanayo, afunsidwe funso limodzi: kodi uyu akumveka ngati iye? Awiriwa akwana. Owerenga akafika asanu, aliyense amadulako kake, chotsala n'chopanda mchere.

Mawu onse oyamikira aja amene tamuletsa mwana kudzinenera, oti ndi wakhama, wanzeru, wokhulupirika pa ndalama, ali ndi malo ake, ndipo malowo ndi kalata ya umboni ya mphunzitsi. Kumeneko amalemera chifukwa wanena ndi wina. Tsono mwana apemphe kalatayo kutatsala mwezi wathunthu, apereke kwa mphunzitsiyo chimangirizo chake kuti awerenge, ndipo awiriwo aonetsetse kuti zaka, makalasi ndi matemu zikugwirizana. Mwana akati anakhala pakhomo matemu awiri ali Fomu 2, kalata ya ahedi n'kunena kuti inali temu imodzi ali Fomu 3, komiti siidzaimba foni ku Salima kudzafunsa amene walakwitsa.